Mwana wanga ali ndi digiri ya uinjiniya koma wangokhala pakhomo. Mlongo wake ndimuletse za sayansi?

"Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimagulitsa zitenje mumsika. Mwana wanga woyamba anamaliza digiri ya uinjiniya wa zamagetsi, ndipo chaka chachiwiri chikutha ali pakhomo. Makalata ofunsira ntchito walemba osawerengeka, ndalama za fotokope ndi minibasi zikuchoka kwa ine, koma ku intavyu anangoitanidwako kamodzi. Masiku ano sakonda kutuluka m'chipinda. Tsono mlongo wake ali Fomu 4, amakhoza kwambiri masamu ndi Physics, ndipo naye akuti akufuna zomwezi. Bambo awo akuti ayi, apite ku unamwino kapena uphunzitsi chifukwa kumeneko ntchito sisowa. Kodi tinalakwitsa? Nanga mtsikanayu timuletse?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi nkhawa imene mwasenzayi. Mtima ukhale m'malo. Simunalakwitse pomuphunzitsa mwanayo, ndipo iye sanalakwitse posankha uinjiniya. Ine ndakulira m'ntchito za magetsi ndi madzi, ndakhala nawo m'magulu ofunsa anthu pa intavyu, ndipo achinyamata ngati wanuyo ndimakumana nawo kawirikawiri. Ambiri amene lero akuyang'anira ntchito zikuluzikulu anayamba ndi kukhala pakhomo chimodzimodzi. Komabe sindingakunamizeni kuti angodikira, zidzayenda zokha. Kuno kwathu chimene chimatulutsa injiniya pakhomo ndi umboni woti manja ake anagwirapo chinthu chooneka, ndipo umboniwo sapita nawo pakhomo pa munthu, amachita kuutsata.

Tiyambe ndi chimene chikuchititsa, kuti mwanayo asamadzione ngati ndiye wolephera. Ntchito za pamwezi, zokhala ndi kalata ndi penshoni, n'zochepa kwambiri m'dziko muno. Kafukufuku wa anthu apantchito yemwe National Statistical Office inachita mu 2013 anapeza kuti mwa anthu 10 aliwonse ogwira ntchito, pafupifupi 9 ali m'zaulimi wapakhomo, geni ndi maganyu. Pomwe khomo lili lopapatiza choncho, ofuna kulowa achuluka. Kale pafupifupi injiniya aliyense ankachokera ku Poly ku Blantyre, ndipo pachaka ankatuluka ochepa moti makampani ankawalimbirana asanalembe n'komwe mayeso omaliza. Lero Poly ija ndi MUBAS, yoima payokha kuyambira 2021. MUST ku Thyolo inatsegula zitseko mu 2014. Mzuni ikuphunzitsa za mphamvu ya dzuwa ndi za makompyuta, LUANAR ku Bunda ikutulutsa mainjiniya a zaulimi ndi zothirira, kuonjezera apo makoleji omwe si aboma. Zimenezi n'zabwino, dziko likufuna anthu ophunzira. Vuto n'lakuti mafakitale sanakule pa liwiro lomwelo. Mukayenda ku Kanengo mupeza makampani a fodya, a mafuta ophikira, a zakudya za ziweto, nyumba zosungiramo katundu. Fakitale imodzi yoteroyo imatha kuyenda ndi mainjiniya awiri kapena atatu, otsalawo ndi amisiri, ndipo amene alipowo sachoka msanga.

Kenaka pali nkhani ya ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kampani imene ikulephera kuitanitsa zipangizo za makina ake kuchokera ku Johannesburg siganiza zolemba munthu watsopano, imaganiza za amene imuchepetse. Mu 2025 boma la America litadula thandizo lake, mabungwe ambiri a zaumoyo kuno ku Lilongwe anachotsa anthu, ndipo pakati pawo panali a makompyuta, a mulabu ndi osanthula ziwerengero. Anthu amenewo, okhala ndi zaka zambiri pantchito, ndi amene mwana wanu akupikisana nawo lero.

Chimene achinyamata ambiri sachimvetsa n'chakuti ntchito ya uinjiniya kuno imatsata pulojekiti. Ndalama ikapezeka ntchito imabadwa, pulojekiti ikatha anthu amabalalika kukasaka ina. Taonani zaka zapitazi. Ku Salima kunamangidwa malo opangira magetsi a dzuwa a 60 megawati omwe anayamba kugwira ntchito mu 2021, ku Golomoti a 20 megawati okhala ndi mabatire mu 2022. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu January 2022 dziko linataya pafupifupi 130 megawati, ndipo panafunika anthu okonza. Pali nthambo zolumikiza magetsi athu ndi a ku Mozambique zofikira ku Phombeya ku Balaka, pali mapulani a Mpatamanga pa Shire oposa 350 megawati, pali mapaipi otenga madzi ku nyanja ku Salima kudzafika muno m'tauni, pali misewu ya Kenyatta, Mzimba Street ndi M1 imene tonse taiona ikukumbidwa. Kuseri kwa chilichonse mwa zimenezi kuli kontirakitala wamkulu, pansi pake makontirakitala ang'onoang'ono, pambali pake kampani ya alangizi ojambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito. Anthu ambiri amalembedwa kumeneko. Ndipo kumeneko ntchito nthawi zambiri silengezedwa m'nyuzipepala. Woyang'anira saiti akafuna munthu Lolemba, amafunsa anzake Lachisanu kuti kodi mukudziwako mnyamata wodalirika.

Ndiye mufunseni mwanayo kuti makalata aja ankapita kuti. Ndikuganiza kuti akuuzani ESCOM, EGENCO, Lilongwe Water Board, mabanki, Airtel, TNM ndi ku Capital Hill. Si kulakwa, apitirize kulemba. Koma amenewo ndi makomo omwe aliyense wa m'kalasi mwake, ndi a makalasi atatu am'mbuyo mwake, akugogodanso. Malo amodzi amatha kukopa mulu wa maenvulopu, ndipo wosankha amayamba ndi kuchotsa onse amene sanagwirepo ntchito.

Ndikuuzeni zimene zimachitika m'chipinda cha intavyu, chifukwa apa m'pomwe pagona nkhani. Tikatha mafunso a m'buku, omwe ambiri amayankha bwino ndithu, timaika multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, patebulo pamodzi ndi kamota kakang'ono n'kunena kuti, tatiyezereni ngati mawaya a m'katimu ali bwino. Wina amaitenga n'kuyamba kuitembenuza, osadziwa kuti nsonga yofiira ilowa pati. Wina amayamba wafunsa ngati motayo yazimitsidwa ku magetsi, amazunguza kabatani kupita pomwe payenera, amayeza mawaya awiriawiri, kenaka waya uliwonse ndi thupi la mota, n'kutiuza zomwe wapeza. Wachiwiriyu mwina magiredi ake ndi apakatikati, koma timatenga iyeyo. Ndipo tikamufunsa komwe anaphunzirira, yankho limakhala lofanana: ankatsatira mmisiri wina pa holide, kapena anakhalako kwa kontirakitala wamng'ono amene ankamupatsa ya thiransipoti yokha. Ana athu sikuti ndi mbuli ayi. M'makoleji zipangizo n'zochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa ophunzira, ndipo attachment ya miyezi yowerengeka ena amaithera pa desiki akujambulitsa mapepala.

Choncho choyamba, ngati sanachite kale, akalembetse ku Malawi Engineering Institution ngati injiniya wongomaliza kumene. Lamulo la 2019 linapereka kwa bungweli udindo wolembetsa mainjiniya, ndipo kuti munthu adzafike pokhala injiniya wovomerezeka, wosaina mapulani, amayenera kugwira ntchito kwa zaka zingapo pansi pa wamkulu wolembetsedwa, akulemba zonse zimene akuchita. Ambiri amachedwa kuyamba njira imeneyi poganiza kuti ndi ya amene ali kale pantchito. Ubwino wina, misonkhano ya bungweli ndi komwe angagwirane chanza ndi anthu olemba ntchito aja. Popeza ndi wa zamagetsi, akafunsenso ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, za chilolezo cha oika mawaya m'nyumba ndi oika zipangizo za sola. Pepala limenelo limamulola kugwira ntchito ndi dzina lake, ndipo makontirakitala amafuna munthu wokhala nalo.

Chachiwiri n'chimene chimavuta kumeza, kwa mwana ngakhalenso kwa makolo. Avale ovolosi. Apeze kontirakitala wa zamagetsi wolembetsedwa, kapena kampani yoika sola, kapena mmisiri wodziwika wa ku Area 25 komweko, apemphe kuti azimutsatira. Ndikudziwa mawu amene adzamveke kumpopi, akuti digiri yonse ija n'kumakwera makwerero ndi ana a ku Lilongwe Technical College. Asiyeni alankhule. Amisiri a TEVETA aja amadziwa zinthu zimene mwana wanu sanazikhudzepo, ndipo iye akudziwa masamu amene iwo sanaphunzire. Akaphatikiza ziwirizo amakhala munthu wosowa. Pitani ku Mitundu kapena ku Nkhoma muone mipope ya sola imene alimi ndi mabungwe anagula ndi ndalama zambiri. Yambiri yaima, ndipo ukaifufuza upeza zinthu zazing'ono: waya woonda kuposa mphamvu imene akunyamula, mapanelo oyang'ana kummwera pomwe kuno kwathu ayenera kupendekera kumpoto, mpope woikidwa popanda choteteza madzi akaphwa m'chitsime, mabatire osagwirizana ndi inverter, kachipangizo kosintha mphamvu ya m'mabatire kukhala magetsi ngati a m'nyumba. Injiniya wodziwa kuwerengera zimenezi, yemwenso sachita manyazi kugwada m'matope n'kumasula bokosi, sagona ndi njala. Ndi kuzimazima kwa magetsi kumene takhala nako, nyumba, zipatala zing'onozing'ono, masukulu ndi malo ogona alendo akuika sola tsiku ndi tsiku.

Ntchito iliyonse imene wagwira, ngakhale yaing'ono bwanji, ailembe m'kabuku: tsiku, malo, vuto linali chiyani, anawerengera bwanji, anagwiritsa zipangizo ziti. Ajambule zithunzi asanayambe ndiponso atamaliza, mwini ntchito kapena womuyang'anira asaine. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi CV yake idzasiya kunena za makosi amene anaphunzira, idzayamba kunena za zimene anakonza. Ndipo CV ikhale ya masamba awiri, yolembedwa molingana ndi ntchito imene akufunsirayo. Kalata imodzi yomweyo yongosintha dzina la kampani pamwamba timaizindikira pa mzere woyamba.

Apa ndichenjezepo. Alipo mabwana amene amadyera masuku pamutu achinyamata m'dzina la kuwaphunzitsa ntchito, chaka chonse mwana akugwira ngati wolembedwa koma osalandira kanthu. Asanayambe agwirizane, makamaka polemba, kuti akhala miyezi ingati, aziphunzira chiyani, ya minibasi ndi ya nkhomaliro ilipo kapena ayi, ndipo pomaliza adzapatsidwa kalata ya umboni. Asakwere pa polo kapena kugwira nthambo popanda zodzitetezera, magetsi sapatsa mwayi wachiwiri. Boma nalonso lili ndi ndondomeko ya internship ya omaliza ku yunivesite, yomwe inayamba mu 2018 kudzera ku unduna wa zantchito. Akamva yalengezedwa alembetse, koma akatumizidwa ku ofesi yosagwirizana ndi maphunziro ake apemphe mwaulemu kuti amusamutsire komwe kuli makina.

Asaumirirenso Lilongwe. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Magetsi athu ambiri amapangidwa pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mafakitale a shuga ali ku Dwangwa, Nchalo ndi Salima, a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ikukumbidwa ku Chikwawa, ndipo makhonsolo a m'maboma amasowa anthu a zomangamanga chifukwa achinyamata safuna kukakhala kumudzi. Kumene ena akukana n'komwe munthu amapatsidwa udindo msanga.

Tsopano za mtsikana. Musamuletse. Mwana wamkazi wokhoza masamu ndi Physics pa Fomu 4 ndi chuma, ndipo m'makalasi a uinjiniya atsikana akadali ochepa moti makampani ndi opereka ma scholarship ambiri amachita kuwasaka. Bambo ake akunena chifukwa chomukonda, koma muwakumbutse modekha kuti anamwino ndi aphunzitsi nawonso akhala akudikira zaka kuti boma liwalembe. Palibe kosi imene lero ili ndi ntchito yodikirira pakhomo la koleji. Unamwino ndi ntchito yolemekezeka, koma imafuna mtima wake. Woukakamizidwa amavutika yekha n'kuvutitsanso odwala.

Chimene mungachite n'kumuthandiza kusankha ndi maso otsegula, chifukwa mawu oti sayansi akubisa njira zosiyana kwambiri. Za makompyuta zili ndi makomo ambiri kuposa zina: mabanki, makampani a mafoni ndi ndalama za pafoni monga Airtel Money ndi Mpamba, makina osungira mbiri ya odwala m'zipatala omwe Baobab Health Trust inayambitsa kuno ku Lilongwe, ndiponso chitetezo cha zinsinsi za anthu, makamaka chibwerereni lamulo la Data Protection la 2024. Kumeneko olemba ntchito safunsa kwambiri za pepala, amati tionetse chimene unapanga. Malo ngati mHub, yomwe Rachel Sibande anayambitsa, ndi African Drone and Data Academy, yomwe inatsegulidwa mu 2020 ndi thandizo la UNICEF, athandiza achinyamata ambiri kuyamba. Ena akugwirira makampani akunja ali m'nyumba ku Area 49, ngakhale izi zimafuna laputopu yabwino, intaneti yodalirika ndi magetsi osazima, zomwe si zotchipa. Uinjiniya wa zomangamanga, madzi ndi ulimi wothirira sudzatha ntchito m'dziko limene anthu akuchulukirachulukira ndipo mvula yasiya kudalirika. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu January 2021, aima pa ulimi wamalonda, mafakitale ndi kukula kwa matauni, ndipo zonsezi popanda mainjiniya ndi maloto chabe.

Za migodi zikumveka kwambiri masiku ano. Ku Kasiya, m'boma lathu lomweli, kwapezeka miyala ya rutile ndi graphite yochuluka zedi. Kayelekera ku Karonga inayambiranso kukumba uranium mu 2025, ndipo ku Kangankunde ku Balaka kukukonzedwa mgodi wina. Ine ndimati inde, koma mosamala. Mgodi umatenga zaka zambiri kuchoka pa kufufuza kufika pa kukumba, ndipo umadalira mitengo ya kunja imene ife sitiilamula. Kayelekera yomweyo inaima mu 2014 mtengo utagwa. Wofuna kulowera uko ndi bwino atenge maphunziro oti angagwirenso ntchito kwina, monga a makina, magetsi, miyala ndi madzi a pansi pa nthaka.

Njira imene imafuna kuganiza kawiri ndi digiri ya sayansi yokhayokha, monga Chemistry, Biology kapena Physics popanda chophatikiza. Malo alipo, ku Malawi Bureau of Standards, m'malabu a mabungwe a madzi, ku Chitedze, m'mafakitale a zakudya, m'kafukufuku wa zaumoyo monga wa UNC Project pafupi ndi Kamuzu Central, koma ndi owerengeka. Amene zimawayendera ndi amene amaphatikizapo china, uphunzitsi, ziwerengero, kapena makompyuta. Ndipo uphunzitsi wa masamu ndi Physics ku sekondale musaupeputse. Aphunzitsi a maphunziro amenewa ndi osowa, makamaka m'masukulu oyendera a m'midzi. Ngati adzapite ku koleji yomwe si yaboma, musanalipire tambala iliyonse fufuzani ku National Council for Higher Education ngati kolejiyo ndi kosi yakeyo n'zovomerezeka. Pali ana amene anazindikira atamaliza kale kuti pepala lawo boma silikulidziwa.

Mwina mnyamatayo wayamba kale kunena za Masters. Ngati akudziwa chenicheni chimene akufuna kuzamapo ndipo wapeza scholarship monga Commonwealth, DAAD kapena Mastercard Foundation, apite, ndipo dziwani kuti ena monga Chevening amafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri. Koma kugulitsa poloti kuti akatenge digiri yachiwiri pongothawa kukhala pakhomo, ine sindingakulimbikitseni. Adzabwerera pa mzere womwewo ndi mapepala awiri, manja akadali osagwirapo kanthu. Zoyamba kampani yakeyake nazonso zidikire kaye aphunzire kuwerengera mtengo wa ntchito ndi kulondola ngongole kwa makasitomala, chifukwa achinyamata ambiri amagwera pamenepo, osati pa luso.

Munthu wosaka ntchito amakhala nyama ya akamberembere. Akalandira uthenga woti wasankhidwa koma atumize kaye ndalama pafoni ya fomu, ya yunifolomu kapena ya kuchipatala, imeneyo ndi mbava, asatumize. Wina akamuuza kuti pali malo ku boma kapena ku kampani ya boma koma pakufunika kangachepe, nkhani imeneyo ndi ya ku Anti-Corruption Bureau. Za ntchito zakunja, asapereke pasipoti kwa munthu asanafunse ku unduna wa zantchito ngati wotumiza anthuyo ndi wovomerezeka. Izi mumuuzenso mtsikanayo, ndipo muonjezerepo kuti bwana wofuna thupi lake posinthana ndi ntchito kapena attachment akuphwanya lamulo, ayenera kunenezedwa. Ngati mnyamatayo anaphunzira ndi ngongole ya boma, apite yekha ku ofesi ya bungwe la ngongolezo akafotokoze mmene zilili, kusiyana n'kubisala.

Pali chiganizo chimodzi m'kalata yanu chimene chandikhudza kuposa zonse, choti sakonda kutuluka m'chipinda. Mwana woyamba amene banja lonse linamuyang'anira amasenza manyazi olemera, ndipo anyamata athu sanaphunzitsidwe kunena kuti zandivuta. Musamufunse tsiku ndi tsiku kuti ayankha liti, ndipo bambo ake apewe kumuyerekeza ndi ana a anzawo. Mupatseni chochita chomufuna iyeyo: aziphunzitsa mlongo wake masamu madzulo, akonze mawaya a kutchalitchi kapena kumzikiti, akuwerengereni za sola ya pa benchi yanu. Ngati pali amalume ake kapena munthu wamkulu amene amamasuka naye, mupempheni azicheza naye. Koma mukaona kuti kwa masabata awiri kapena kuposerapo sakugona, sakudya, wasiya kusamba, wayamba mowa kapena chamba, musadikire kuti ntchito ndiyo idzamuchize. Mupite naye ku chipatala chapafupi kapena ku St John of God ku Area 43, komwe kuli alangizi ndi madokotala a matenda a maganizo. Akayamba kulankhula zoti kuli bwino kufa, kapena kugawa katundu wake, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, ndipo mupite naye ku Kamuzu Central tsiku lomwelo.